Ndalama za Nyumba Zitsate Njerwa

Acemwali anga aakulu anaumba njerwa zoyamba za nyumba yawo mwana wawo wacisamba ali m'kalasi yacitatu. Lero papita zaka 13. Mwana uja ali ndi wake kumbuyo, ndipo nyumba ija ili ndi zipinda ziwiri zofolera malata. Cacitatu cinaima pa lintala, bonongwe akumera m'kati. Caka ciliconse akagulitsa kacewere ndi nyemba amagula zimene ndalamazo zafikapo: caka cino matumba asanu a simenti, caka cinaco malata khumi, caka ca njala osagula kanthu. Njerwa anaocha okha pa uvuni wa kuseri kwa dimba. Mcenga anatuta pamutu ndi ana. Mmisiri amamulipira theka ndalama, theka cimanga.

Musawamvere cisoni, sanakupempheni. Ndawachula cifukwa umu ndi mmene dziko lino likumangidwira. Pitani ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga, tsikirani kunyanja ku Metangula ndi ku Cóbuè, lowani m'mabairro a Tete ndi Lichinga kuseri kwa misewu ya phula. Paliponse mupeza makoma odikira denga, mawindo otseka ndi njerwa zosamata, mulu wa miyala pakhomo umene mwini wake amauona ngati buku lake la kubanki. Anthu a Moçambique akumanga okha nyumba zawo, cipinda ndi cipinda, ndi ndalama za m'thumba mwawo. Mlandu wanga ndi wakuti malamulo athu a ndalama za nyumba sanalembedwere anthu amenewa. Analembedwera munthu wa malipiro a pamwezi, wa mapepala onse, wofuna kulandira makiyi a nyumba yotha kale. Ndipo ngakhale ndalama zimene zimapita kwa iyeyo, ife eni ake timangomva pa tsiku lodula riboni, za m'mabuku osazimva.

Lonjezo lilipo. Ndime 91 ya Constituição ya 2004, malamulo aakulu a dziko lino, imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'nyumba yoyenera munthu, ndipo boma lili ndi udindo wokonza njira zoti zimenezi zitheke, molingana ndi mmene cuma ca dziko cikukulira. Anthu a m'maofesi amakonda mawu otsirizawo, cifukwa ndi pobisalira pabwino: cuma sicinakule, dikirani. Koma ndime yomweyo ili ndi gawo laciwiri limene saliwerenga mokweza. Limati boma lilimbikitse ndi kuthandiza zimene midzi, mizinda ndi anthu eni ake ayamba okha, kumanga kwa munthu payekha ndi kwa magulu, kuti munthu akhale ndi nyumba yakeyake. Acemwali anga ali m'gawo limeneli. Kuyamba anayamba kale, thandizo ndi limene silinafike.

Tikumbutsane kumene tacokera. Pa 3 Fevereiro 1976 Samora Machel analengeza kuti nyumba za lendi zakhala za boma, ndipo anthu amene kale ankangoona mzinda wa simenti ali panja analowamo, n'kumalipira lendi yocepa ku APIE. Cinali cinthu cacikulu, sindicinyoza. Kuyambira 1991 boma linayamba kugulitsa nyumba zija kwa okhalamo pa mitengo yotsika, ndipo mu 1995 nduna zinakhazikitsa Fundo para o Fomento de Habitação, FFH, thumba loti lithandize anthu kupeza nyumba, gawo la ndalama zake likucokera ku malonda a nyumba za boma zomwezo. Onani mmene mzere wayendera. Nyumba za atsamunda zinali m'mizinda, amene analowamo anali a m'mizinda, amene anazigula mochipa anali a m'mizinda, ndipo thumba lobadwira m'menemo linabadwa maso ali kumzinda. Mlimi wa ku Dómuè ndi wa ku Furancungo sanali pa mzere umenewu kuyambira paciyambi.

Mu 2011 Maputo inalandira masewera a Africa yonse, ndipo ku Zimpeto kunamangidwa Vila Olímpica, nyumba zosanja zogonamo osewera. Masewera atatha zinaikidwa m'manja mwa FFH kuti izigulitse. Caka cotsatira kunayambika nchito ya Intaka ku Matola, pamodzi ndi kampani ya ku China, ndipo tinamva ciwerengero ca nyumba 5,000. Ankati ndi za acinyamata ndi anchito a boma. Mitengo itatuluka inali ya madola zikwi makumimakumi, ndipo tinafunsana kuti acinyamata ake ndi ati. Ndisabise zabwino: FFH yagawapo malo odula kale okhala ndi misewu, yaperekapo ngongole zomalizira nyumba, ndipo m'zaka zaposacedwa, pansi pa dzina la Habita Moçambique, yamangapo nyumba zotsikirapo mtengo m'zigawo zina. Amene analandira anasangalala, ndipo ndikusangalala nawo. Koma m'dziko limene kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni, ambiri a iwo okhala kumidzi, kumanga nyumba mazana angapo apa ndi apo kuli ngati kuthira supuni ya shuga m'nyanja ya Niassa n'kuitana anthu adzamwe tiyi.

Ine ndine mphunzitsi, ndili ndi malipiro a pamwezi, motero ndinaganiza kuti khomo limene acemwali sangalowe ndikalowa ndine m'malo mwawo. Ndinavala jekete n'kupita ku banki ina. Mtsikana wa pa tebulo anandilandira mwaulemu, sindimudandaula. Anandifunsa título ya DUAT, cilolezo comangira, pulani yosainidwa, ciphaso ca kukaundula wa nyumba, inshuwalansi ya moyo ndi ya nyumba. Ndinati malowo ndi a makolo, amfumu akudziwa, agogo athu anagona pomwepo, mudzi wonse ungacitire umboni. Anangomwetulira. Komatu zimene ndinanenazo si nthano za kumudzi. Lamulo la nthaka la 1997, Lei 19/97, limati amene akhala pamalo mwa mwambo wa kwawo, kapena wakhalapo mokhulupirika zaka 10, ali ndi ufulu wake ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi ndi umboni ndithu. Lamulo la nthaka limatidziwa. Tikafika pa ndalama za nyumba, takhala alendo.

Ndinamupempha kuti angondiwerengera basi, ndidziwe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu 2023 ciwongoladzanja coyambira ca mabanki, cimene amati prime rate, cinapitirira 24 pa 100 iliyonse. Catsika kucokera pamenepo, ndiye titenge 20 kuti masamu asativute. Mukakongola meticais 1,000,000 kuti mubweze m'zaka 20, mwezi uliwonse mupereka pafupifupi 17,000, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza zoposa 4,000,000. Malipiro otsikitsitsa a wanchito wa boma pa TSU, ndondomeko ya malipiro ya 2022, safika 9,000. Munthu ameneyu ngakhale aleke kudya, aleke kuvala, ana asiye sukulu, angofika theka. Ndinapinda mapepala anga, ndinathokoza, ndinatuluka.

Tsono pali anzeru ena ku Maputo, ndi alangizi awo ocokera kunja, amene amati vuto ndi limodzi lokha. Nthaka ya Moçambique ndi ya boma, sigulitsidwa, siikidwa cikole, ndime 109 imatero. Masulani pamenepo, akutero, DUAT ikhale cikole, mabanki atsegula zitseko. Mawu amenewa anamveka kwambiri pa zokambirana zimene zinabala ndondomeko yatsopano ya nthaka mu 2022, ndipo sanathe. Ine ndikuwakana. Lamulo la 1997 limalola kale kuika cikole nyumba imene munthu anamanga ndi cilolezo. Amene ali ndi mapepala akucita kale zimenezo, ndipo ciwongoladzanja sicinatsike cifukwa ca iwo. Banki sikana acemwali anga cifukwa ca nthaka yokha. Imawakana cifukwa ndalama zawo zimabwera kamodzi pacaka, mvula ikalola. Apatseni tsono ngongole ya pamwezi pa 20 pa 100, munda ndi bwalo zili cikole, kenaka kubwere cilala ngati ca 2016 kapena namondwe ngati Freddy wa 2023. Mwezi wacitatu kalata, wacisanu ndi cimodzi loya, caka cisanathe malo a agogo ali m'nyuzipepala pa tsamba la malonda a khoti. Lero mlimi wosauka alibe ngongole koma ali ndi pogona. Wakatapila wa pamsika ukalephera amatenga wailesi kapena njinga. Uyu adzatenga ndi manda omwe.

Ena amati boma lilibe ndalama. Mawu awa ndimawamva ndi kamkwiyo, mundikhululukire. Mu 2013 ndi 2014 nduna ya zacuma, Manuel Chang, inasainira kuti boma lidzaimira ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni za makampani atatu, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, popanda cilolezo ca Assembleia da República. Zonse zitaululika mu 2016, opereka thandizo anatseka mpopi, metical inagwa, ciwongoladzanja cinakwera, ndipo thumba la simenti la acemwali linakwera nawo. Conselho Constitucional inadzagamula mu 2019 ndi 2020 kuti zosainira zija zinali zopanda mphamvu, ndipo Chang anapezeka wolakwa ku New York mu 2024. Zambiri zanenedwa pa nkhaniyi, ine nditolapo kamodzi kokha: boma limadziwa kuimira ngongole ya wina likafuna. Linaimira mabwato a nsomba amene anacita dzimbiri padoko la Maputo. Kuimira malata 20 a mlimi ndiye kwakhala kovuta?

Ndipo ife a ku Tete timaona sitima za malasha zikucoka ku Moatize kupita ku Beira ndi ku Nacala. Kuyambira 2013 gawo la 2.75 pa 100 la msonkho wa zokumbidwa limayenera kubwerera kumidzi ya kumene zakumbidwa, ndipo mu 2022 gawo lobwerera kuzigawo linakwezedwa kufika 10 pa 100. Poyambira palipo.

Cimene ndikufuna ndi lamulo, lamulo lenileni lopangidwa ndi Assembleia, osati decreto. FFH inabadwa ndi decreto ya nduna, ndipo cimene nduna zalemba Laciwiri lino nduna zomwezo zingafufute Laciwiri linalo. Lamulolo lichule gawo la ndalama za boma lopita ku nyumba caka ciliconse, ndipo linene mosabisa kuti zambiri mwa ndalamazo si za nyumba za makiyi, ndi za ngongole zazing'ono zotsata mmene timamangira. Ngongole ya maziko. Ukabweza, ya makoma. Ukabweza, ya denga. Ambiri safuna n'zonsezo, akufuna denga lokha, cifukwa njerwa, mcenga ndi thukuta ali nazo kale. Cimene sangaumbe ndi manja ndi simenti, malata, misomali ndi mafelemu. Kumanga kwa zaka 13 kumadula kuposa kwa zaka zitatu, ndipo izi olemba malamulo saziona. Khoma losafolera limadyedwa ndi mvula, mtengo wa malata umathamanga kuposa mtengo wa nyemba, ndipo wa m'tauni amalipira lendi kwina uku nyumba yake ikumera udzu. Ngongole yaing'ono yofika nthawi yake imapulumutsa ndalama zimene banja laika kale pansi.

Kubweza kutsate kumene ndalama zimacokera. Mlimi wa kacewere abweze akagulitsa, msodzi wa usipa ku Metangula abweze nyengo yake, mphunzitsi abweze pamwezi. Umboni wakuti munthu ndi wokhulupirika pa ndalama ulipo kale, kungoti suli pa pepala la banki. Uli m'kabuku ka xitique, cipereganyu cathu cija, mmene amayi 12 asonkha mwezi ndi mwezi zaka zisanu osaphonya. Uli m'foni, mu M-Pesa ndi e-Mola. Uli m'mabuku a ogula fodya, amene amadziwa mabelo a mlimi aliyense caka ndi caka. Cikole cikhale gulu, pamodzi ndi thumba la boma loimira gawo la ngongoleyo, nthaka isakhudzidwe. Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga sankaphiphiritsa kokha. Ankanena denga lenileni, limene amuna a mudzi ankamangira pansi n'kulinyamula pamodzi kukaliveka pa nyumba ya mnzawo, podziwa kuti mawa adzanyamula lawo.

Ndikumva kale wina akuseka: ndiye 7 miliyoni ija yabweranso. Ali ndi cifukwa coseka. Kuyambira 2006 boma la Armando Guebuza linkatumiza meticais 7 miliyoni ku distrito iliyonse caka ndi caka kuti anthu akongole ayambe nchito zopezera cakudya ndi ndalama, ndipo zimene zinabwezedwa zinali zocepa zedi. Tonse tinaona. Koma tinaonanso mmene zinkayendera. Osankha olandira anali a conselho consultivo, anthu odyera mbale imodzi ndi opempha. Ambiri anazitenga ngati mphatso ya ndale, ndipo amene sanabweze anapitiriza kuyenda pamsika mutu uli m'mwamba. Palibe amene ankamva kuti mnzake akapanda kubweza, iyeyo ndiye salandira. Cinapha 7 miliyoni ndi mdima, osati umphawi wa okongola. Mayi yemweyo amene za boma sanabweze, ku xitique saphonya, cifukwa kumeneko onse amaona.

N'cifukwa cake theka la lamulo limene ndikunenali liyenera kukhala la maso. Tribunal Administrativo imaunika kale mabuku a boma ndi kupereka lipoti lake ku Assembleia caka ciliconse, ndipo nchito imeneyo ndi yofunika. Koma lipotilo ndi cibuku conenepa ca Cipwitikizi ca maloya, cofika ndalama zitadyedwa kale, ndipo ndani ku Chifunde anacigwirapo? Lamulo likakamize kuti pa miyezi itatu iliyonse, pakhomo la ofesi ya distrito, pamatidwe pepala: zalowa zingati, akongola angati, a midzi iti, zabwezedwa zingati, kontrakitala ndani, walipidwa zingati pa nyumba imodzi. Waudindo kapena m'bale wake akalandira nyumba kapena ngongole ya thumbali, dzina lake lilembedwe pamwamba penipeni. Pepalalo liwerengedwe pa wailesi ya m'dera m'cinenero ca eni dera, kuno Cinyanja, kwina Cinyungwe, kwina Ciyao. Mkulu wa thumbalo aziitanidwa ku assembleia ya cigawo kukayankha mafunso, ndipo amene sanamate pepala acoke pampando, osati kungomusamutsira ku ofesi ina kumene kuli mpando wofewa kuposa. Lei 34/2014 imatipatsa kale ufulu wofunsa ndi kuyankhidwa m'masiku 21. Koma kufunsa kumafuna munthu wodziwa kulemba requerimento, wosaopa kuti mawa adzamusamutsa sukulu, ndipo ndalama za anthu siziyenera kudikira kuti papezeke wolimba mtima.

Maso amenewa ayang'anenso khoma, osati ndalama zokha. Ife a ku Tete tili ndi Cateme. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 ku Moatize kuti ikumbe malasha, oposa 700 mwa iwo n'kuwapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Nyumba zinali zatsopano, zokongola pa cithunzi, cikomekome ca mkuyu. Posakhalitsa makoma anang'aluka, madenga anadontha. Anthu anadandaula osamveka, mpaka mu Janeiro 2012 anakatseka njanji n'kuimitsa sitima ya malasha, apolisi n'kuwabalalitsa mwamphamvu. Mu Agosto caka comweco ndi pamene panatuluka Decreto 31/2012, yonena kuti wosamutsidwa apatsidwe nyumba ya zipinda zogona zitatu, yosacepera masikweya mita 70. Taonani dongosolo lake: nyumba poyamba, ming'alu pambuyo, kenaka ndodo za apolisi, lamulo kumapeto. Ngati kampani ya ndalama zoculuka cotero inapereka nyumba zong'aluka boma likuyang'ana, nanga kontrakitala wa nyumba zochipa amene wapambana nchito cifukwa ndi mlamu wa wina adzacita zotani? Lamulo liike woyendera wosadya nawo, wofika maziko asanakwiriridwe, ndipo gawo lomaliza la malipiro a kontrakitala lidikire mpaka nyumbayo itapyola dzinja limodzi anthu ali m'kati.

Inu aphungu a Tete ndi Niassa, muli pakati pa 250 aja a ku Assembleia, ndipo Constituição inakupatsani mphamvu yoyambitsa lamulo ndi yofunsa nduna poyera. Ambiri a inu munakulira m'nyumba zomangidwa monga ya acemwali anga, ndipo pobwera kudzapempha mavoti mumakhala pa mpando pansi pa makoma omwewo. Musatibweretserenso cithunzi ca nyumba 5,000. Tibweretsereni ndime zoti tiwerenge, titsutse, tikonze.

Mwezi watha ndinapita kukawaona acemwali. Kacewere wa caka cino wagula malata 8, cipinda cikufuna 14. Awaimika kucipinda, kuseri kwa bedi, kuopa akuba ndi dzimbiri. Njerwa za pamwamba pa khoma lija zayamba kufumbutuka ndi mvula, moti mmisiri wati mizere iwiri iyambe yagumulidwa asanaike mitanda. Anandifunsa ngati ku banki kuja kunatuluka kanthu. Ndinawauza za 17,000 pamwezi. Anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka anati, "Acimwene, mukamadutsa pa Calómuè mundifunsireko mtengo wa misomali."